Froso wa M'thanki Yagalasi

Mbale inkafika pakhomo pa a Ignatis tsiku lililonse belu la kutchalitchi likangolira masana. Ankabwera nayo ndi mayi Marigo, mlamu wawo, mng'ono wa malemu akazi awo, amene ankakhala nyumba yachitatu kumtunda. Ankagogoda kawiri. A Ignatis ankatsegula chitseko mpata wongokwana mkono, n'kulandira chakudya, n'kubweza mbale yadzulo. Mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu, choncho ankaikamo ndimu limodzi la pamtengo wa pabwalo.

"Mwaswera bwanji, alamu?"

"Taswera. Mulungu akudalitseni."

"Kodi m'nyumbamu mwabisamo mkazi? Chaka chikutha ndisanapondemo."

"Muli fumbi, alamu. Tsiku lina."

Fumbi munalibe. Munali thanki yagalasi, kutalika ngati bedi la mwana, yodzaza madzi a m'nyanja. Amene anaigula ndi mwana wawo wokhala ku Germany, amayi ake, mayi Myrsini, atagona osadzukanso, kuti aziona tinsomba tikusambira poti kudoko sakanathanso kutsikira. Maliro atatha tinsombato tinafa kamodzikamodzi, koma a Ignatis sanazimitse pampu yoyendetsa madziwo. Kulira kwake ndi kumene kunkawathandiza kuti asamve zii wa m'nyumba.

Bambowa anakalambira pa ntchito yogwira okutopasi, nyama ya m'nyanja ija yopanda fupa, ya mikono isanu ndi itatu. Ankamiza mitsuko yadothi pachingwe. Okutopasi, pokonda mphako, ankalowamo, iwo n'kukoka, kumuluma pakati pa maso kuti afe msanga, kenako kumumenya pamwala kokwana makumi anayi kuti nyama ifewe. Zaka makumi anayi anachita zimenezi mtima uli m'malo. Koma m'mawa wina, patapita miyezi itatu chiikireni akazi awo, anakoka mtsuko muli wamng'ono ngati chibakera. Anawakulunga kamkono padzanja, osati mofinya ayi, koma monga amagwirira wodwala akafuna kuti usachoke. Mano anakana. Anamuika m'ndowa, n'kuphimba ndi jekete, n'kukwera naye kunyumba modutsa kuseri.

Anamutcha Froso. Anamuikira miyala ndi kamtsuko kosweka kuti akhale ndi pake pobisala. Kawiri pamlungu ankatunga madzi atsopano m'zigubu, ndipo m'mawa uliwonse ankatola nkhanu m'matanthwe. Akayatsa kanyali patsogolo pa chithunzi cha Amayi Maria n'kumaliza mapemphero, Froso ankakhala atatuluka kale, atamatirira pagalasi, thupi likusintha kuchoka pa mtundu wa mchenga kufika pa kufiira kwa njerwa. Akaviika dzanja, ankawapapasa chala ndi chala. Akachedwa ndi nkhanu, ankawathira madzi kumaso.

"Ulibe ulemu iwe," ankatero akupukuta ndevu. "Myrsini akanakuona bwenzi atakukonda. Nayenso sankadikira."

Pachivundikiro ankatsamizapo miyala iwiri. Koma panali kabowo polowera paipi ya pampu, ndipo okutopasi amadutsa paliponse pamene kamlomo kake kangadutse. A Ignatis ankatsekapo ndi chinkhupule. Froso ankachikoka tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono, iwo n'kumachikankhiranso m'malo mwake m'mawa uliwonse. Anali masewera awo awiriwo, ndipo palibe wachitatu amene ankawadziwa.

Tsiku lina anatsala pang'ono kuulula. Anali pamalo omwera khofi kudoko, pamene anzawo okalamba nawo ankathera tsiku akumenya makhadi patebulo.

"Ignatis, zigubu zija n'zachiyani?" anafunsa a Thrasos, amene pakamwa pawo sipankauma. "Wayamba kusamba madzi amchere kuti ubwerere unyamata?"

"Ndi nkhanu zomwe," anawonjeza wina. "Munthu wamkulu kumakwawa m'miyala ngati mphaka."

A Ignatis anatsegula pakamwa. Koma a Thrasos anali atayamba kale ina. "Inu, chilimwe chathachi mayi wina wodzaona malo anandipeza ndikumenya okutopasi pamwala. Analiratu misozi! Akuti ali ndi nzeru ngati mwana. Ine ndinati, mayi, nzeruzo zimakoma ndi viniga."

Onse anafa nacho chikhakhali. A Ignatis anaseka nawo modzikakamiza. Anamaliza khofi, n'kunyamuka. Kuyambira tsikulo kudoko ankangodutsa, ndipo chitseko chawo chinkatseguka mpata wocheperapo.

Chakumapeto kwa nyengo yozizira diso lawo lakumanzere linachita ng'ala. Adokotala a pachilumba chachikulu anawaitana Lachisanu kuti akalichotse khungu. Ulendo wake unali wa tsiku limodzi, kupita ndi sitima yam'mawa, kubwera ndi yamadzulo. Mayi Marigo atamva anabwera ndi mbale ndi malangizo omwe.

"Ndisiyireni kiyi, ndikakupukutireni m'nyumba. Munthu wa diso limodzi asamabwerere m'fumbi."

"Wa pageti ndi uyu. Mungothirira maluwa a m'zitiniwo."

"Nanga wa nyumba?"

"M'nyumba mulibe chofuna munthu."

Mayi Marigo anawayang'ana kanthawi, n'kulandira kiyi wa pageti.

Diso analikonza bwino. Koma potuluka m'chipatala anapeza nyanja yatembenuka. Mphepo yakumpoto inali itadzuka, mafunde akulumpha khoma la doko, ndipo sitima zonse anaziletsa. Loweruka chimodzimodzi. A Ignatis anakhala m'kachipinda ka alendo, diso lomatidwa thonje, akuwerenga masiku ndi zala. Njala yokha Froso akanaipirira. Chimene chinkawadya mtima chinali chinkhupule chija.

Lamulungu atachoka ku mapemphero anaimbira foni mayi Marigo.

"Alamu! Mwatipatsa nkhawa. Diso likuona?"

"Likuona. Kumeneko kuli bwanji?"

"Mphepo basi. Yagwetsa mandimu anu, ndawatola. Pali china?"

Kiyi wina wa nyumba anali pansi pa chitini chachitatu, pafupi ndi pamene mayi Marigo ankaima tsiku lililonse pothirira. Mawu ake anali ochepa: tsegulani, kankhirani chinkhupule, ponyanimo nkhanu. A Ignatis anawakonza pakamwa. Kenako m'makutu mwawo munamveka kuseka kwa a Thrasos, n'kuona nkhaniyo ikuyenda khomo ndi khomo: Ignatis wapenga, akulera ndiwo.

"Alamu, mukundimva? Pali china?"

"Ayi. Maluwawo basi."

Sitima inanyamuka Lolemba, tsiku loyamba la kusala kwa Lenti, pamene nyama yamagazi siilawidwa ndipo banja lililonse limafunafuna za m'nyanja zopanda magazi. Mphepo inali itagona. Anthu anali kuphiri ndi madengu a buledi ndi maolivi, makaiti apepala amene ana ankaulutsa ali mbee kumwamba. A Ignatis sanapatse moni aliyense. Anakwera mtunda mothamanga monga mmene mawondo analolera, n'kulimbana ndi loko.

Pampu inkalira monga mwa masiku onse. Miyala iwiri ija inali pamalo pake. Chinkhupule chinkayandama pamadzi. Anapinda malaya, n'kupisa dzanja m'kamtsuko, n'kutembenuza mwala uliwonse. Kenako anaona mzere wa mchere wouma ukutsika pagalasi, kudutsa pansi, kulunjika pa kabowo kotulutsira madzi okolopa m'munsi mwa chitseko. Anagwada n'kusuzumira ndi diso latsopanolo. Linkaona bwino kwambiri, ndipo panalibe choti lione.

Ali chigwadire, kunamveka kugogoda kawiri.

Mayi Marigo anaima ndi mbale yophimba ndi kansalu, nkhope ili ngwee. "Takulandirani! Lero ndiye mudya ngati bwana. Mulungu saiwala amasiye, alamu. M'mawa ndikubwera kudzathirira, ndangoona pa masitepe anu apa pali okutopasi wonenepa bwino, akukwawa kulowera kunyanja. Kaya anagwa m'dengu la ndani, kaya ndi mphepoyi, ine sindinafunse. Ndinati mwini bwalo akubwera lero m'nyumba mopanda kanthu. Ndamumenya ndekha pamwala, makumi anayi osaphonya, mkono uwu ukuchita kuwawa."

Anavundukula. Fungo la viniga, anyezi ndi mafuta a maolivi linadzaza pakhomo.

A Ignatis sanatambasule dzanja. Anagwira chitseko. Kenako anachikankha mpaka chinagunda khoma, n'kupatuka.

"Lowani."

Mayi Marigo analowa mwakachetechete ngati akulowa m'tchalitchi. Anaona thanki imene ankaiyesa kuti inatayidwa kalekale. Anaona madzi oyera, kamtsuko kosweka, zikamba za nkhanu zounjikidwa bwino pakona monga amachitira okutopasi pakhomo pake, zigubu zili pamzere. Maso awo anatsata mzere wa mchere uja mpaka kuchitseko, n'kubwerera pambale imene inali m'manja mwawo.

"Amayi Maria Oyera," ananong'ona. "Anali wanu?"

"Dzina lake Froso."

"Kuyambira liti?"

"Chilimwe chisanayambe."

Mayi Marigo anabweza kansalu pambale, n'kukakonza m'mbali monse mosamala, n'kuika mbaleyo pawindo. Anakhala pamphepete pa bedi la malemu mkulu wawo. Misozi inatsika osaipukuta.

"Anali wamoyo, alamu. Anandigwira dzanja. Ndowa inali pomwepo, nyanja ili apo. Mukanangonena liwu limodzi dzulo pa foni paja..."

"Ndinkaopa kusekedwa."

"Ndi ndani? Ndi Thrasos? Amene amagona ndi wailesi yoyatsa chifukwa choopa kumva kupuma kwake komwe?" Anapukusa mutu. "Ine ndimaika makapu awiri patebulo m'mawa uliwonse. Zaka zisanu ndi chimodzi chimwalirireni bambo a kwathu. Ndimathira khofi m'makapu onse awiri, ndimawauza za mitengo ya zinthu kumsika. Ndikanakusekani ine?"

A Ignatis anakhala pansi. Sankadziwa za makapuwo. Nyumba ziwiri zokha pakati pawo, mbale ikuyenda tsiku ndi tsiku, koma aliyense ankasenza wake mtolo kuseri kwa chitseko.

"Mlandu si wanu, alamu," anatero patapita nthawi. "Munaona ndiwo chifukwa ndi zimene ndinakusiyirani kuti muone."

Pampu inkalirabe. Kenako a Ignatis anaimirira n'kuizimitsa. Zii amene ankamuopa uja analowa m'nyumba, koma anapeza muli anthu awiri.

"Chakudya sichitayidwa, ndi tchimo," anatero mayi Marigo akuyang'ana pawindo. "Koma ichi sichilowa m'kamwa mwa munthu. Tiyeni tikam'bweze kwawo."

Anatsika limodzi kumatanthwe dzuwa likadali pamwamba, mayi Marigo atanyamula mbale, dzanja lina atagwira chigongono cha mlamu wawo chifukwa diso latsopanolo linali lisanazolowere masitepe. Podutsa padoko a Thrasos anakweza mutu pamakhadi.

"Ignatis! Wabwera ndi diso latsopano n'kupezeratu mkazi? Nanga mbaleyo ikupita kuti?"

"Tikukaika maliro a mnzanga," anayankha a Ignatis mosabisa mawu. "Okutopasi. Ndinkamuweta m'nyumba."

A Thrasos anayamba kumwetulira, koma ataona nkhope ziwirizo kumwetulirako kunazima. Anayang'ana makhadi awo, kenako anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

Froso anatuluka yekha, ndipo pa masitepe paja panalibe womudziwa dzina. Mwini wake naye anadzitsekera yekha mpaka tsoka linam'peza wopanda womugwirira chinkhupule. Akuluakulu sananame pamene anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu.