Msana wa Elube

"Elube, pageti apo osadutsa. Limbani asachoke pamaso pako. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

"Ndati wamva? Kunjaku kuli matenda, komanso misewu yopanda anthu si yoyendamo mwana."

Mawu amenewa amayi ake a Elube ankawanena m'mawa uliwonse, chaka chija Korona anatseketsa masukulu. Iwo ankakolopa kuchipatala, choncho zokhala pakhomo panalibe. Ankavala masiki n'kunyamuka, kusiya Elube, mtsikana wa Sitandade 6, ndi mlongo wake Limbani, yemwe anali atangoyamba kukwawa.

Tsono Elube ameneyu makutu anali nawo ndithu, awiri abwinobwino, koma ntchito yake inali yovalira ndolo basi. Akakhala pakhonde lawo ku Chikanda ankaona phiri la Zomba lili biriwiri, n'kumakumbukira munda wa maluwa wa m'tsinde mwake, kumene anapitako kamodzi ndi a kusukulu. Mtima unkamuyabwa.

Tsiku lina anabereka Limbani. Zitumbuwa zimene amayi anawasiyira anazimangirira pansonga ya chitenje, monga amachitira azimayi opita kumunda, ndipo anatseka geti mwakachetechete.

M'tauni munali zii. Anadutsa mashopu otseka, anayenda mumthunzi wa mitengo italiitali, anaima pamlatho kuonerera madzi. "Matendawo ali kuti?" anadzifunsa uku akuseka.

Pafupi ndi mundawo anakumana ndi mayi wina wokatola nkhuni kuphiri, chikwanje chili m'manja.

"Iwe mwana iwe, ukupita kuti ndi khanda kumbuyo?"

"Andituma, mayi."

"Akutuma kutchire? Bwerera. Chiyambireni matendawa anthu sabweranso kudzadyera kuno, anyani ali ndi njala. Bambo amamuthawa, koma mwana ngati iwe amangomuyang'ana m'maso. Bwerera, ndati!"

"Chabwino, mayi."

Anatembenuka mwaulemu, anadikira kuti mayiwo akhote, basi n'kulowa.

Munali mokongola, zimenezo sindingakane. Maluwa anali atamasula bwino, mabenchi opanda munthu, kamtsinje kakusefukira pamiyala. Msana unali utatopa, ndiye Elube anatsitsa Limbani, anayala chitenje pakapinga pamwamba pa gombe n'kumukhazikapo. Zitumbuwa zinali chimangidwire pansonga paja. Iye anatsetserekera kumadzi. "Ndingoviika mapazi okha," anatero.

Anaviika mapazi. Anaviika mawondo. Anayamba kuthamangitsa nkhanu.

Kenako nthambi inagwedezeka. Ina inagwedezekanso. Elube atadzutsa mutu anaona nyani wamphongo, wamkulu kuposa galu aliyense wa ku Chikanda, akuyenda pakapinga mosapupuluma ngati mundawo ndi wa bambo ake. Mphuno inali italunjika pachitenje.

"Choka! Choka iwe!"

Nyani anangoyasamula, mano aatali ngati chala ali poyera. Anagwira mfundo ya zitumbuwa ija n'kukoka. Chitenje chinayenda, Limbani ali pomwepo. Poyamba mwanayo anaseka, kuyesa masewera. Nyani anakokanso mwamphamvu, Limbani anagwa chagada, nsalu inamukulunga mwendo, ndipo anayamba kukhwekhwerezedwa kulowera kumiyala ya kugombe. Kulira kwake kunamveka munda wonse. M'mitengo anyani ena anali akutsika.

Elube anakwera gombe, anatola mwala, anaponya, anaphonya. Nyani anatembenuka, anauwa kamodzi, n'kumudumphira pang'ono.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imandivuta kunena, koma ndinena. Elube anathawa. Anathawa ndithu, liwiro la mtondo wadooka, kusiya mlongo wake akulira pansi, n'kukabisala kuseri kwa mtengo.

Mwayi wake, mayi wa nkhuni uja sanakhulupirire "chabwino" wa Elube. Anali atabwerera. Anatulukira akukuwa, chikwanje chili m'mwamba, akugenda ndi zikuni. Nyani anang'amba chitenje n'kuthawa ndi nsonga yake. Limbani anatsala m'mphepete mwenimweni mwa miyala, pachipumi pakuchucha magazi, m'kamwa muli dothi lokhalokha.

Elube anatuluka kuseri kwa mtengo kuja, natambasula manja. Mayiwo sanamupatse mwanayo. Anamutsuka kumaso, anavula chitenje chawo chapamwamba n'kumubereka okha.

"Tsogola. Ukandionetse kwanu."

Njira ya ku Chikanda sinatalikepo ngati tsiku limenelo. Elube ankayenda chowerama, chitenje chong'ambika chili m'manja, anthu akusuzumira m'mipanda. "Si mwana wa Anachanza uyo? Nanga khandalo lili kumsana kwa ndani?" Ankalakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Amayi ake anachita kuitanidwa kuchokera kuntchito. Anafika wefuwefu, anamulandira Limbani, anamufunyulula thupi lonse, ndipo anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Pamapeto anafunsa funso limodzi.

"Pamene nyaniyo amakoka mwana, mlongo wakeyu anali pati?"

Mayi wa nkhuni anayang'ana Elube. "Anene yekha."

Elube anayang'ana pansi. "Ndinathawa, amayi."

Anayembekezera khofi, anayembekezera chikoti. Sizinabwere. Amayi anangomuyang'ana nthawi yaitali, misozi ili lengelenge, kenako analowa m'nyumba kukatenga chitenje chawo chatsopano kuti athokozere mlendoyo. Elube akanakonda kumenyedwa.

Bala la Limbani linapola, panangotsala kachipsera. Koma m'mawa wina Elube anawerama monga kale, chitenje chili m'manja. "Bwera, Limba, ndikubereke." Mwanayo anamuyang'ana, anayang'ana nsaluyo, n'kukwawa mwachangu kukabisala m'miyendo mwa amayi ake. Anayesa mawa lake, chimodzimodzi. Limbani anaphunzira kuyenda, anakula, koma pamsana pa Elube sanakwereponso.

Ndiye ana inu, akuluakulu akati osatuluka, khalani pakhomo, ngakhale kunja kukongole chotani. Akati bwerera, bwererani, chifukwa iwo aona chimene inu simunachione. Elube mlongo wake anamupeza wamoyo, koma mpaka lero akaona kachipsera kaja amayang'ana pansi.