Mpongozi wa Kumathero kwa Ngalande

Panali mayi wina amene ankalima mpunga kumathero kwa ngalande. Umu ndi mmene a Kamtedza, mkulu wa mpingo wathu, anayambira fanizo lawo tsiku limene tinasonkhana kupempherera phungu wathu watsopano asanapite ku Nyumba ya Malamulo. Ndalemba monga ananenera.

Ngalandeyo inkatenga madzi mumtsinje n'kumathirira minda ya kumtunda, ya pakati ndi ya kumathero. Alimi anasankha munthu mmodzi kuti aziyendetsa zonse: kugawa madzi, kupeza mbewu, kusamala milatho ndi shedi yosungiramo mpunga. Chigawo chilichonse chinkasankhanso nthumwi yoti izikamufunsa pamsonkhano mmene ntchito ikuyendera.

Woyendetsayo anali munthu wakhama, ndipo anali atakwatira mwana wa mayi uja. Anthu a kumathero anaona mwayi. "Tisankhe apongozi ake," anatero. "Angamane madzi amayi a mkazi wake?" Anamusankha mayiyo ndi nthungululu, ena mpaka kuvina.

Koma anaiwala mwambo wawo womwe. Kumeneko mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana m'maso. Akakumana panjira, wina amapatukira patchire mpaka mnzake adutse. Choncho pamisonkhano mayiyo ankakhala kumbuyo, maso pansi, osatsegula pakamwa. Nayenso woyendetsa, akamayendera ngalande, ankafika pamlatho wa pakati n'kubwerera, chifukwa njira ya kumathero inkadutsa pakhomo pa apongozi ake. Za kumathero ankangozimva.

Chaka china mvula inachedwa ndipo mtsinje unaphwa. Woyendetsa anakonza zoti madzi azitsegulidwa mosinthana, chigawo chilichonse tsiku lake. Pakamwa zinkamveka bwino. Koma tsiku la kumathero likafika, madzi ankangonyowetsa pansi pa ngalande n'kuthera panjira. Mbande zinayamba kufiira. Zikanauma, panalibe mbewu ina yofesanso.

Anzake anayamba kumutonza mayi uja. "Kodi amayi, tinakutumani kukafunditsa benchi?"

"Mukufuna ine ndikaime pamaso pa mkamwini wanga, bambo a Tiyese?" anayankha. "Mwana wanga anthu adzamuona bwanji?"

Anapita kumunda kwake, nagwira nthaka yong'aluka, napemphera kuti Mulungu amupatse njira yosanyoza mkamwini komanso yosataya anthu amene anamutuma.

Tsiku la msonkhano shedi inadzaza. Woyendetsa anafotokoza ntchito yake mwaluso, anthu n'kuomba m'manja. Wapampando, amene ntchito yake inali kupatsa anthu mpata wolankhula, anafunsa ngati pali funso. 

Pamenepo mayi uja anadzuka. Anayenda pakati pa mabenchi mpaka kutsogolo. Atafika anatembenuka, namupatsa msana mkamwini wake, nayang'ana wapampando.

"A wapampando, ine ndikulankhula ndi inu. Amene ali kumbuyo kwangawa sindikuwaona. Mundifunsireko: madzi a kumathero anawaonapo ndi maso awo?"

Shedi yonse inasokosera. Ena anakwera pamabenchi kuti aone bwino. Woyendetsa anavula chipewa, nayenso nayang'ana wapampando.

"A wapampando, auzeni amayi kuti madzi ndimatsegula pa tsiku lake, sindinaphonyepo."

"A wapampando, za kutsegula ndamva. Ine ndafunsa za kufika."

Woyendetsa anakanda kumutu. "Kufikako sindinafike. Kumene njira ija imadzera mukukudziwa nonse."

Anthu anaseka mpaka misozi. Mkulu wina anakuwa ali kumbuyo kuti, "Ndiye mpunga wathu ukufa ndi ulemu?"

Kuseka kusanathe, manja anali m'mwamba mbali zonse. Ngati mpongozi wafunsa, ndani akanaopanso? Nthumwi ya kumtunda inafunsa chifukwa chimene mbewu inafikira mochedwa. Ya pakati inafunsa za matabwa a mlatho amene anali atawola. Wina anafunsa za ng'ombe zogumula m'mbali mwa ngalande, wina za denga la shedi lodontha, mayi wina za ana amene ankamwa madzi a m'ngalande chifukwa mjigo unafa. Onse ankadzera kwa wapampando, ndipo panalibe wotukwana. Mafunso ena woyendetsa anawayankha bwino kwambiri, moti amene ankamunena kumbali anachita manyazi. Mafunso ena anavomera kuti sanawaganizire. Pa ena nthumwi zinakana yankho lake, zinati akaone kaye, adzayankhe pamsonkhano wotsatira. Thukuta linali kamukamu, koma nkhope yake inali yowala, pakuti tsiku limenelo anamva zinthu zimene kuomba m'manja kuja sikunkamuuza.

Pomaliza mayi uja, akadali chopereka msana, anati, "A wapampando, auzeninso kuti mawa ndikupita kutsidya kukaona mchemwali wanga. Pakhomo panga padzakhala popanda munthu. Njira ndi yawo."

M'mawa mwake woyendetsa anawoloka mlatho uja, nthumwi zili pambuyo pake. Anapeza ngalande itadzaza mchenga ndi mabango, moti madzi a tsiku limodzi sakanatha kudutsa. Anavula malaya, naitanitsa makasu, nawonjezera nthawi ya madzi a kumathero. Mayi uja pobwerera kutsidya anamva phokoso ali patali. Madzi anali atalowa m'minda, ndipo mbande zinapulumuka.

Atafika apa a Kamtedza anatembenukira kwa phungu wathu.

"Olemekezeka, kumene mukupitako aphungu salankhula ndi nduna mwachindunji, amadzera kwa Sipikala. Njira imeneyo anaikonza kuti munthu athe kufunsa funso lolimba popanda kunyoza mnzake. Nduna ina idzakhala ya chipani chanu, ina munaphunzira nayo, ina inakuthandizani pa kampeni. Ipatseni ulemu wake, koma ifunseni. Ikanena kuti mankhwala anatumizidwa, funsani ngati anafika kuchipatala chathu. Ikanena za feteleza, za aphunzitsi, za misewu, funsani ngati inapita kukaona. Ikayankha bwino, vomerezani poyera. Ikazemba, funsaninso."

Kenako anatiyang'ana ife tonse, akumwetulira.

"Nanunso abale, tsiku limene mudzamve pawailesi phungu wanu akupanikiza nduna imene mumaikonda, musadzati wasowa mwambo. Mudzamupempherere kuti alimbe mtima. Ndinu amene mukukhala kumathero."