Woyamba Kufika, Womaliza Kuyezedwa

Bambo a mapasa anali munthu wosadziwa kufatsa. Ngakhale tiyi ankamwa choimirira, ngati pampando pali minga. Ntchito yoyendetsa galimoto ya katundu, imene anaisakasaka mpaka nsapato kutha, inali pafupi kulowa m'manja. Chotsala chinali kukayezetsa thupi kuchipatala, ndipo kampaniyo inanenetsa kuti wosayezedwa pa tsiku loikidwa aiwale za ntchito.

M'mawa mwa tsikulo anavala jekete yaubweya yobwereka kwa mlamu wake, namanga tayi mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera.

"Bambo a mapasa, dzuwa ili mukuliona?" anafunsa mkazi wake akusambitsa ana. "Kokayezedwako mukupita ndinu kapena jeketeyo?"

"Mayi, munthu amayamba kuyezedwa ndi maso," anayankha akugugudiza tiyi wamoto.

Minibasi itachedwa kudzaza, mtima unamukanika. Anatsika n'kuliyatsa liwiro. Panjira anapitirira mnzake wofunanso ntchito pakampani yomweyo, bambo wina wadazi, amene ankayenda mwachifatse mumthunzi wa mitengo.

"Achimwene, moto wabuka kuti?" anakuwa wadaziyo. Bambo a mapasa anangomusiyira fumbi.

Anafikadi woyamba, thukuta lili kamukamu, akupumira m'mwamba.

"Takhalani kaye pabenchipo, bambo," anatero namwino. "Vulani jeketeyo, thupi lizizire."

"Ayi, mayi. Ndafika woyamba, mundiyeze woyamba. Ine matenda amachita kundithawa."

Namwino anangopukusa mutu. Anamupanitsa kachipangizo koyezera kutentha m'khwapa, namukulunga lamba pamkono n'kupopa, kenako anagwira mtsempha wa padzanja akuyang'ana wotchi.

"Thupi latentha, mtima ukugunda ngati ng'oma, kuthamanga kwa magazi nakonso kwakwera," anatero. "Thukuta limaziziritsa munthu likamauma ndi mphepo, koma inu mwalitsekera m'ubweya. Kaya ndi liwiro, kaya ndi malungo, ine sindilemba zongoganizira. Pitani akakutengeni magazi."

Mzere wa koyezetsa magazi unali wautali ngati njanji, wochita kukhota pakhonde. Bambo a mapasa anakhala pakati pa agogo otsokomola ndi makanda olira, akuonerera anzake akulowa kwa namwino n'kutuluka mano ali mbee.

"Tikaonana kuntchito, achimwene," anatero wadazi uja podutsa, "ngati mudzafike!"

Dzuwa linali kupendeka, ndipo mzere unkasuntha ngati nkhono. Anamasula tayi, namwa madzi, n'kukhala phee, popeza kothamangira kunalibe.

Zotsatira zinatuluka: malungo analibe. Anabwerera kwa namwino n'kumupeza makiyi ali m'manja.

"Chonde, mayi, ana anga akudikira ntchito imeneyi," anapempha ndi mawu otsika.

Namwino anamwetulira n'kutsegulanso chitseko. Ulendo uno thupi linali lozizira bwino, mtima ukugunda mwaulemu ngati mkamwini pamaso pa apongozi.

"Munthu wathanzi chonchi, tsiku lonse pabenchi!" anaseka namwino. "Pitani, ntchito mwaipeza."

Kunyumba mkazi wake anamuchingamira pakhomo. "Ndiye munayezedwa woyamba?"

"Womaliza," anayankha akukanda mutu.

Mayiyo anaseka mpaka misozi, mapasa nawonso n'kumaseka osadziwa chosekacho. Ndipo bamboyo, akumira pampando, anavomera yekha kuti akuluakulu sananame: kuthamanga si kufika.