Chakudya Chimene Chinangodutsa mwa Tiferanji

Kalekale, mayi wina dzina lake Nangozo anatengedwa chitengwa ndi mwamuna wake Lipenga. Anali ndi mwana mmodzi, Tiferanji. Mwanayu ankadya nyemba, mazira ndi ngumbi, koma ankangoonda, khungu la pakhosi ndi m'manja n'kuda, n'kumasenda.

Vuto linali m'thupi mwake. M'menemo munali Msenza, wonyamula tinthu tomanga thupi n'kutilowetsa m'magazi. Anali wamphamvu koma wosaona, ndipo pantchito sankafika popanda womugwira dzanja. Omugwirawo analipo awiri.

Kalozera ankamuperekeza kumatumbo, kumene chakudya chimalowera. Tsiku lina ananyanyala. "Aliyense amatama Msenza. Ine ndine ndodo chabe? Apite yekha!" Chakudya chinkangodutsa, n'kukathera kuchimbudzi.

Kabweza ankamuperekeza kuimpso, kukatola tinthu tabwino tisanatayike ndi mkodzo. M'magazi munali mukadali tochepa, ndipo akanatha kutipulumutsa. Koma anati, "Mnzanga wagona, ine ndivutikirenji?" Tochepato tinapita ndi mkodzo.

Msenza anangokhala phee. Pakamwa anali napo, koma sanaitane aliyense. "Akabwera ondiperekeza ndidzapita," anatero, manja ali m'khwapa. Ulesi wotere ine umandikwiyitsa zedi.

Kunja kuno apongozi a Nangozo anali atalusa. "Mkazi iwe, ndiwo umadya wekha mobisa! Taona nthiti za mwanayu!"

"Amayi, ndimamudyetsa, ine n'kugona ndi njala," analira Nangozo. "Bambo a Tiferanji, nenani, si mumaona?"

Lipenga ankaonadi tsiku ndi tsiku. Koma anaopa amayi ake, chonsecho iye ndi munthu wamkulu ndi ndevu zake. "Longedza uzipita kwanu. Mwanayu umusiye," anauza mkazi wake.

Nangozo anapita. Apongozi aja anamuphera mwanayo nkhuku, namupatsa mkaka, koma zonse zinkangodutsa chimodzimodzi. Chimanga chisanache, Tiferanji anamwalira akuitana amayi ake.

Nangozo anafika pamaliro fumbi lili m'miyendo. Sanakhale pansi. Anaima pakhomo la siwa n'kukuwa, "Munati ndine! Nanga lero wandiphera mwana ndani?"

Muyankheni inu amene mwamva. Kodi ndi Kalozera amene ananyanyala, Kabweza amene anatengera ulesi kwa mnzake, kapena Msenza amene sanaitane? Nanga Lipenga, amene ankaona zonse ndi maso ake n'kulola mwana kufa wopanda mayi pambali, timusiye?