Mthunzi wa Eni Ake

Kalekale, agogo ako asanamere ndi mano omwe, kudagwa chilimwe choopsa. Iwe ukuti lero kwatentha? Leka kudzikupiza ndi mbaleyo, khala pansi umve.

Dzuwa lidawomba. Lidawomba, lidawombanso. Nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, mapiko akukwekwereza pansi. Agalu adaleka kuuwa. Mitengo ya m'mudzi idayoyola masamba onse, ndipo munthu akaponda pabwalo masana ankavina popanda womuimbira ng'oma.

M'mudzimo mudali mayi wina, dzina lake Nangondo. Adali ndi mwana mmodzi yekha, wakhanda, dzina lake Ndaziona. Adamupeza atadikira zaka zisanu ndi ziwiri.

Kutentha kuja kudamulowa mwanayo. Liwombo lidalowa m'kati. Kuyamwa adaleka, kulira kwake kudasanduka ngati kwa kamphaka.

Nangondo adayesa zonse. Adanyowetsa nsalu n'kumufunditsa, nsalu idauma iye asanatembenuke. Adawaza madzi pansi, dothi lidangomeza. Adakwirira mtsuko mumchenga, madzi ankatulukamo ngati ochokera pamoto. Adamukupiza ndi lichero mpaka mkono kuuma. Mwana osasintha.

Tsono kuseri kwa mudzi kudali manda. Kumeneko kokha ndiko kudali kobiriwira, poti mitengo ya kumanda sadula. Pakati pake padali msikidzi waukulu, masamba ali bii.

Tsiku lina Nangondo adatenga chikwanje. Mnansi wake, aNamaseko oumba mbiya, adamuona.

"Amake Ndaziona, chikwanjecho n'cha kuti dzuwa lili pamutu chonchi?"

"Ndikadule nthambi, ndiyale padenga, mwana apume."

"Nthambi zaziwisi muzipeza kuti chaka chino?"

Nangondo adaloza kumanda ndi chikwanjecho.

"Iii, mayi inu! Kumanda sathyola ngakhale tsamba. Mthunzi umene uja uli ndi eni ake."

"Eni akewo anagona kale. Wanga akadali moyo."

Ine sindimuseka Nangondo, ayi. Mwana akamakufera m'manja, makutu amagontha.

Adapita. Adadula, adadula, adadulanso, mpaka mbali imodzi ya msikidzi idatsala mbee. Adakoka nthambizo, zina adayala padenga, zina adatsamiritsa pakhonde. M'nyumba mudayamba kuzizira. Ndaziona adatsegula maso, adayamwa, adagona. Nangondo adalira ndi chimwemwe.

M'mawa mwake, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zonse zidangoti zii. Nangondo adasuzumira panja. Pakhonde padali patakhala mayi wachilendo, mwana ali kumbuyo. Sadaodire. Nkhope adalozetsa kukhoma. Pafumbi la pabwalo padalibe mapazi ake.

"Takulandirani, mayi. Mwachokera kuti?"

"Kwathu kwatentha."

"Ndikupatseni madzi?"

"Madzi ayi. Tatsata mthunzi wathu."

Kenaka mlendoyo adayamba kugwedeza mwana wake uja, akuimba chapansipansi:

Mthunzi wathu, ee,
Wapita kuti?
Wapita kwa Nangondo,
Tiutsate, tiutsate.

Dzuwa litapendeka, pakhonde padalibenso munthu.

Tsiku lachiwiri adabwera asanu. Tsiku lachitatu khonde lidadzaza: nkhalamba, anyamata, ana, onse nkhope kukhoma. Tsiku lachinayi pakhonde sadakwanepo, ndipo adayamba kulowa m'nyumba mmodzimmodzi. Adakhala mozungulira mphasa ya Ndaziona, akuimba nyimbo yawo yomweyo.

M'nyumba mudazizira. Mudazizira, mudazizirabe, mpaka mano a Nangondo adayamba kugundana. Adagwira mwana wake. Manja ali zii, mapazi ali zii. Mwanayo sankalira. Ankangoyang'ana khanda la kumbuyo kwa mlendo uja, akulimwetulira.

Apo mantha adamugwira Nangondo. Adanyamula mwana, adathamangira naye padzuwa, dzuwa lomwe lija lowotcha miyala. Mwana osafunda. Adathamangira kwa aNamaseko.

"Mayi, ndalakwa! Mwana akundizizirira m'manja!"

"Musiyeni kuno. Inu kabwezeni zaeni, msanga."

Nangondo adagwetsa nthambi zonse padenga, adazikokera kumanda. Koma masamba adali atauma kale, ankangoyoyoka m'njira. Adafika ndi mitengo yokhayokha.

Pansi pa msikidzi, mbali yodulidwa ija, padali kamanda kakang'ono. Dzuwa linkawomba pomwepo, dothi lake litang'ambika. Mayi wachilendo uja adali atakhala pambali pake.

Nangondo adagwada.

"Ndabweza, mayi. Pepani."

"Wabweza nkhuni."

"Ndichite chiyani tsono?"

"Wanga akupsa kuti wako apume. Tipatse mthunzi wina. Ukalephera, anawa asinthane malo."

Nangondo adayang'ana uku ndi uku. Tsamba palibe, udzu palibe. Adaimirira. Adavula nsalu ya pamapewa, adaitambasula ndi manja awiri, adawerama pamwamba pa kamanda kaja. Mthunzi wa thupi lake udagwera padothipo.

Mayi uja adapuma mpweya wautali. Nthawi yomweyo, kumudzi, Ndaziona adalira mokweza m'manja mwa aNamaseko, thupi likuyamba kufunda.

Kuyambira tsiku limenelo, dzuwa likangokwera, Nangondo ankapita kukaima pakamanda kaja. Ankaima mpaka litapendeka. Mwana ankatsala kwa aNamaseko, iwo akumupukuta ndi kansalu konyowa ndi kumudonthezera madzi pakamwa. Msana wa Nangondo udasupuka. Milomo idang'ambika. Akangotsitsa manja pang'ono, ankamva mawu kumbuyo kwake: "Akupsa." Ndipo ankawakwezanso.

Adaima, adaima, adaimabe, masiku makumi anayi. Kenaka mitambo idabwera, mvula idagwa, msikidzi udaphukira pamene adadula paja.

Mayi uja adati, "Pita kwa mwana wako. Koma uwu usiye. Wanga wauzolowera."

Nangondo adayenda. Atacheuka, adaona mthunzi wake uli chigonere pakamanda paja, utawerama, manja ali tambasu. Sudamutsatire.

Ndaziona adachira, adakula, adayamba kuyenda. Ukudziwa umo achitira ana paulendo dzuwa likawawotcha, kuthamangira kukabisala m'mbali mwa amayi awo. Nayenso ankathamangira komweko. Akaima kumanja, dzuwa. Akazungulira kumanzere, dzuwa.

"Amayi, bwanji kwa inu kulibe pobisala?"

Nangondo ankangovula nsalu ya pamapewa, n'kuitambasula pamutu pa mwana wake, iye akupsa.

Wamva, mwana iwe? Ukatenga cha mnzako poti wakhala chete, usaganize kuti sakumva kuwawa. Kukatentha, nyowetsa nsalu, waza madzi pansi, pirira. Mthunzi uliwonse umene ukuuona uli ndi amene wagona pansi pake.

Yanga nthano yathera pamenepa.