Nkhokwe ya Nyani

Chilape! Nkhokwe yanga ndimayenda nayo, ndikaseka khomo latseguka. Mwati thumba, a Nasibeko? Mwaphonya! Khalani pansi mumve.

Kalekale, nyama zikulankhula, mbewu zonse zinkasungidwa kwa Fuko, kanyama kokumba pansi kaja. Fuko ankathira mbewu mumtsuko, n'kusakaniza ndi phulusa, n'kumata pakamwa pake ndi dothi. Dothi likauma m'pamene ankati, "Zasungika." Asanatero, mwini mbewu sankachoka.

Nkhanga anali ndi mawere ake a mbewu, koma kudikira sankakufuna. Tsono anamva kuti Nyani naye wayamba kusunga mbewu, ndipo kwa iye kulibe mzere.

Nkhanga anapita ndi lichero loyamba. Nyani analandira, n'kuzungulira kuseri kwa mwala, n'kutulukira nthawi yomweyo.

"Zasungika, mlongo wanga!"

"Kale?"

"Ife si a Fuko ayi, odikira matope!"

Nkhanga anapita kwawo akuvina. M'mawa mwake anabwera ndi lachiwiri. Kuseri kwa mwala, n'kutulukira.

"Zasungika!"

Koma Nkhanga anaona kholingo la Nyani likuti kwere, tsike. Lichero lachitatu linali lomaliza. Likatayika limenelo, mvula ikagwa adzadzala chiyani? Analipereka ndithu, koma Nyani atatulukira kuseri kwa mwala kuja, Nkhanga sanasunthe.

"Achimwene, mukati zasungika, ndiye kuti zili pati?"

"Mmm."

"Anankafumbwe akabwera, zipulumuka?"

"Mmm."

"Nanga inuyo mukagwa mumtengo, tikazipeza kuti?"

Nyani anafuna kukalipa, koma masaya ali tutumu. Kuti anene mawu aja, anayenera kuyamba wameza. Anameza, gwii!

"Zasungika, ndatero!"

Apo Nkhanga anazindikira. Mawere ankangokhala m'masaya, ndipo "zasungika" aliyense ankatsika nawo kumimba.

Nkhanga sanalire. Anangoti, "Achimwene, mwamva za Ngwena? Akuti wayamba kusungira anthu mbuzi."

Nyani anayesa kupirira. Analephera. Kikiki, phwaa! Mawere otsala mbwee pansi.

Nkhanga anatola kamodzikamodzi. Anangokwana kachikho. Anathamanga nako kwa Fuko.

Fuko anathira mumtsuko.

"Zasungika, agogo?"

"Sizinasungike."

Anathira phulusa, n'kumata.

"Nanga tsopano?"

"Sizinasungike. Dothi n'laliwisi."

Nkhanga anakhala pansi, miyendo ikumuyabwa. Dothi litauma, Fuko anagogoda mtsuko, go go go.

"Tsopano zasungika."

Mvula itagwa, Nkhanga anadzala kamunda kakang'ono ngati mphasa, koma kanamera konse. Nyani anadwala m'mimba, ndipo sanapezenso womusungitsa ngakhale khoko la nyemba. Mpaka lero Nkhanga amayenda mutu uli pansi, kufunafuna mawere ena amene anamwazika tsiku lija.

Choncho anzanga, munthu akakuuzani kuti "zasungika", mufunseni kuti zili pati, ndipo iye atagwa mukazipeza bwanji.

Nthano yathera pompa. Wina akaphule mbatata ija, ndikumva kununkha kupserera.