Juzi ya Filisi ndi Ulusi Wobiriwira

Kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kunali msomali, ndipo pa msomalipo pankapachikidwa chinthu chimene chinkamudya mtima mwana wa telala. Inali juzi ya filisi, nsalu yofewa ija yokhala ngati ubweya wa kamwana ka nkhosa, yofiirira, ya zipi kutsogolo, zigongono zitayamba kale kuperepeseka. Mwamuna wake ankaivala tsiku ndi tsiku. Bamboyo ankagwira ntchito m'chipinda chozizira cha kampani yosunga nyama ndi zipatso, m'mene mpweya wa m'kamwa umaoneka ngati utsi, mwakuti anzake adamupatsa dzina loti Achisanu. Kumeneko juziyo inali ndi ntchito, palibe angatsutse. Koma Achisanu sankaivula ngakhale akaweruka. Kumsika nayo, kokameta nayo, pampando masana a Lamlungu nayo.

Mwana wa telala ankagulitsa zovala m'sitolo ina yapamwamba m'tauni, ndipo diso lake linkadziwa nsalu monga lilime lidziwira mchere. Mnzake wa kuntchito akaona Achisanu akudutsa pawindo ankamugunda ndi chigongono.

"Taona, chimbalangondo chako chafika. Iwe umaveka mabwana a m'tauni muno, koma wako akuyenda atafunda bulangete!"

Iye ankaseka nawo, koma chimene chinkamuwawa sichinali fashoni. Achisanu adakhalapo pabanja lina lomwe lidatha zaka zingapo awiriwa asanakumane. Chaka choyamba cha ukwati wawo, akukonza m'bokosi la mapepala, mwana wa telala anapeza chithunzi chakale: mwamuna wake ataima ndi mkazi woyambayo, atavala juzi yofiirira ya zipi, dzanja la mayiyo lili pachifuwa pake penipeni. Sanafunse. Anangotenga chithunzicho, natenga juzi ya pamsomali ija, nazimanga mfundo imodzi mumtima mwake.

Ndipo mfundoyo inkalimba chifukwa cha kachitidwe ka bamboyo. Munthu amene sankadziwa ngakhale pamene pamakhala sopo m'nyumbamo, juzi yokhayo ankachapa yekha, kamodzi pamwezi, ndi manja, m'madzi ozizira, n'kuiyanika pamthunzi ngati wodwala. Mkazi wake naye analumbira chamumtima kuti manja ake sadzakhudza nsalu ya mkazi mnzake.

Panali chinthu china chimene sichinkatchulidwa m'nyumbamo. Bambo ake a mayiyu, telala wouma mutu yemwe adasoka pakhonde la sitolo zaka makumi anayi, adakana ukwatiwu poyera. "Mwamuna wosiya mkazi ali ngati malaya ong'ambika pamsoko," adatero. "Usoke lero, mawa ang'ambika pomwepo." Kuukwati sadabwere, ndipo adamwalira patangopita miyezi itatu, asanalankhulane ndi mwana wawo. Kawiri konse Achisanu anayesa kuyamba nkhani yawo.

"Mayi, za apongozi aja, pali mawu amene..."

"Ndati ayi. Anandikana ali moyo. Musanditchulire m'nyumba muno."

Achisanu anali munthu wa mawu owerengeka. Akamutsekera chitseko sankagogodanso kachitatu.

Nkhondo ya juzi inayamba ndi zida za fashoni.

"Bambo, mukudziwa kuti anthu akumandiseka? Akuti ndinakwatiwa ndi bulangete."

"Bulangete silisiya munthu pa mphepo. Auzeni choncho."

"Ndikupezerani jekete yabwino, ya thonje, yokhala ndi kolala yooneka."

"Kolala imafunda?"

Mayiyo ankatuluka akuguguda mapazi. Koma tsiku lina mwayi unamupeza wokha. Mlamu wake, mlongo wa Achisanu, yemwe anali mphunzitsi wa sayansi, anabwera kudzacheza. Akumwa tiyi anatsina mkono wa juzi ya mchimwene wake n'kuonetsa timaubweya totsalira pa zala.

"Achimwene, mukudziwa kuti mwavala pulasitiki? Nsalu iyi amaipanga kuchokera ku zinthu zomwe zija amapangira mabotolo a madzi. Mukamachapa, timaulusi tosaoneka ndi maso timapita ndi madzi. M'ngalande, mumtsinje, m'mimba mwa nsomba. Kenako nsombayo ili m'mbale mwanu."

"Mwamva?" anatero mwana wa telala, maso ali gwa. "Mwamva, bambo? Tikudya juzi yanu!"

"Ndiye nsombazo sizizizidwa," anayankha Achisanu.

Mphunzitsiyo anaseka, koma pokhala munthu wachilungamo anawonjezera. "Komatu alamu, kuitaya si mankhwala. Ikapita kudzala ikakhala komweko zaka mazana, sivunda. Yomwe ilipo kale ndi bwino kuivala mpaka ithe, n'kumaichapa kamodzikamodzi monga achitira achimwenemu. Choipa n'kumangogula zatsopano chaka ndi chaka."

Mawu achiwiriwa anadutsa pamwamba pa mutu wa mwana wa telala ngati mbalame. Khutu la munthu wansanje lili ndi sefa yakeyake. Kuyambira tsikulo iye anasanduka mtetezi wa mitsinje. Mayi yemwe ankabwera kunyumba ndi majumbo apulasitiki asanu tsiku lililonse anayamba kulira maliro a nsomba m'mawa uliwonse. Mwina pang'ono ankakhulupiriradi zimene ankanenazo, pakuti mtima wa munthu sukhala ndi chipinda chimodzi. Koma nsomba imene ankailira kwambiri inali ndi nkhope ya mkazi wa pachithunzi.

Tsiku lina Achisanu anatopa nazo. Anaika kapu pansi n'kumuyang'ana.

"Mayi, bwanji osangondifunsa kumene juziyi inachokera?"

"Ndifunsirenji? Mukuyesa ndine mwana? Ndikudziwa kale!"

"Mukudziwa?"

"Ndikudziwa bwino lomwe."

Nkhope ya bamboyo inakhala ngati ya munthu amene wamva zosayembekezera. "Ngati mukudziwa, n'kumadana nayobe chonchi, ndiye ndilibe mawu." Anatseka zipi mpaka m'khosi n'kupita kuntchito.

Kumapeto kwa mwezi umenewo kampani inakonza kamwambo kothokoza antchito okhalitsa, ndipo Achisanu anali atakwanitsa zaka makumi awiri. Mkazi wake anamuveka jekete ya thonje yotuwa bwino, mapewa ake ngati a bwana. Bamboyo anavomera, koma juzi ija anaikoleka pamkono, akuti mwina amutuma kulowa m'chipinda chozizira. Kumwamboko kunalinso mkazi woyamba uja, pakuti ankagwira ntchito mu ofesi ya kampani yomweyo, ndipo adakwatiwanso kalekale. Anapereka moni waulemu kwa onse awiri, kenako anaona chimene chinali pamkono pa Achisanu n'kuseka.

"Inu ndi mafilisi anu! Simusintha, eti?"

Anasisita nsaluyo kamodzi ndi nsonga za zala n'kupitirira. Kwa iye inali nthabwala chabe. Kwa mwana wa telala unali umboni wosainidwa.

Loweruka lotsatira Achisanu ankagwira ntchito mpaka masana. Atadzuka anapeza msomali uli wokha.

"Juzi yanga ili kuti?"

"Ndainyika. Inali kununkha nyama. Valani jekete."

Bamboyo anadabwa, popeza mkazi wake anali asanaikhudzepo, koma nthawi inali itatha. Anavala jekete ya thonje n'kutuluka.

Juziyo sinali m'madzi. Inali pansi pa pilo. Chitseko chitangotsekeka mayiyo anaiyala patebulo n'kutenga sizasi yaikulu, yokhayo imene adatenga pa katundu wa bambo ake. Anadziuza kuti sakuitaya kudzala, ndiye mlamu wake sadzakhala ndi chonena: aidula zidutswa zokolopera, igwire ntchito yoyenera nsalu ya mkazi wina. Anadula mkono wamanja. Anadula wamanzere. Anang'amba msana pakati, ndipo kulira kwa sizasiyo kunamukomera ngati nyimbo. Kenako anatembenuza mbali ya kutsogolo kuti achotse zipi, pakuti zipi imakanda pansi.

Apa dzanja lake linaima. Zipiyo sinali ya kufakitale. Inali yoikidwa pambuyo pake, ndi msoko wowongoka ngati wojambula ndi rula, wobwerezedwa kawiri kumapeto. Anapisa dzanja m'thumba la kumanzere n'kulitembenuza. Pakona pa thumbalo, m'kati, panali timitanda titatu ting'onoting'ono ta ulusi wobiriwira.

Chizindikiro chimenecho ankachidziwa kuposa dzina lake. Chovala chilichonse chimene chinkachoka pa makina a bambo ake, chatsopano kaya chongokonza, chinkalandira timitanda titatu tobiriwira pamalo obisika. "Ntchito yopanda mwini ndi ntchito ya wakuba," ankatero mkuluyo. Ndipo ali mtsikana, maso a bambo ake atayamba kufooka, ndi iyeyo amene ankawalowetsera ulusi wobiriwirawo pa singano.

Anakhala pampando, thumba lili m'manja, mpaka dzuwa linasuntha kuchoka pawindo kufika pakhomo.

Achisanu analowa akuyetsemula, mphuno ili psu, manja atawapisa m'khwapa. Anaona tebulo. Anaona mikono iwiri ili payokha, msana uli pawiri, sizasi ili pambali. Sanakalipe. Anakoka mpando n'kukhala pansi pang'onopang'ono ngati nkhalamba.

"Bambo," anatero mayiyo, "juziyi inachokera kuti?"

"Lero mwafunsa."

"Ndiuzeni."

"Patatha mwezi chichitikire ukwati wathu, apongozi anabwera kuntchito kwanga. Anandidikira pageti ola lathunthu. Nditatuluka anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ine ndikunjenjemera m'kajuzi kobooka, n'kunena kuti, ‘Ndiwe wonyasa kuposa mmene ndinkaganizira, komanso ufa ndi chibayo usiye mwana wanga wamasiye.’ Anapita osatsanzika. Patatha sabata anabweranso ndi iyi. Anaigula pa kaunjika, anaika zipi yatsopano, anakonza matumba. Anandiveka okha n'kunditseka zipi mpaka m'khosi ngati mwana wa sukulu."

"Ananena chiyani?"

"Anati, ‘Ndafunsafunsa za iwe. Msoko uja ndinaunena molakwa. Umusamale. Koma usamuuze, ndidzamuuza ndekha ndikapeza poyambira.’ Poyambirapo sanapapeze. Matenda anafulumira."

"Nanga ya pachithunzi ija? Muli ndi mayi aja?"

Achisanu anamuyang'ana nthawi yaitali asanamvetse. "Imene ija? Mayi, imene ija inatha ndisanakudziweni n'komwe. Mafilisi ofiirira ali mbwee pamsika, onse nkhope imodzi. Ndiye zaka zonsezi inu..." Anapukusa mutu. "Tsiku lija munati mukudziwa, ine ndinayesa mwaona ulusiwo, ndipo mukudana nayo chifukwa ndi ya bambo anu. Ndinkachapa ndekha kuti ndisakuvutitseni nayo."

Mwana wa telala anaphimba nkhope ndi chidutswa cha nsalucho. Chinali chofewa, chofunda, ndipo kwa nthawi yoyamba anamva mmene chinkamvekera pakhungu. Zaka zinayi mdalitso umene ankaulira unali pa msomali, kuseri kwa chitseko cha chipinda chake chomwe, iye akuudutsa m'mawa ndi madzulo atakwinya nkhope.

M'mawa mwake anapita kwa mayi ake kukavundukula makina a malemu. Anasoka tsiku lonse. Koma filisi yodulidwa mwaukali sibwerera mwakale. Msana unatuluka ndi chipsera chokhuthala kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, mkono wina unafupika, ndipo pamapewa mphepo inkalowa. Achisanu anaiyesa, anayendetsa manja, n'kunena kuti kuntchito siingathenso, koma pampando wa Lamlungu ikwana. Mlamu uja atamva nkhaniyi anangoti, "Ndiye tsopano mugula ina yatsopano. Nsomba zija mwazithandiza bwanji, alamu?"

Sitingamuweruze mofulumira, pakuti ndani mwa ife sanamangepo mlandu wathunthu pa chithunzi chimodzi? Koma funso limene akanafunsa linali la mawu atatu okha, ndipo woyankha ankagona naye chipinda chimodzi. Uchi unali m'manja mwake, iye natafuna zouma n'kulavula zotsekemera. Akuluakulu adanena kale kuti safunsa adadya phula.